ANA AKAFUNSE AKULU ZA WENELA

Lero tikamba za phunziro la mbiri yakale, ndi nchito zimene tingapatse anyamata ndi asungwana a zaka 13 kufikira 18, msinkhu wosacedwa kutopa ndi liu la munthu mmodzi. Citsanzo cathu ticitenga ku Johannesburg, mzinda umene makolo athu adaucha Joni.

Mphunzitsi akalemba pa bolodi kuti golide anapezeka pa Witwatersrand m'caka ca 1886, ana alemba, naloweza, nakhoza mayeso, ndipo mvula isanagwe aiwala zonse. Cakaco ncoona, koma mwana saona pamene cimkhudza iye. M'sukulu za boma ku South Africa ayesa njira yina. Ana a Giredi 8 aphunzira za migodi ndi za anchito ocokera kutali. Pofika Giredi 9 mwana ali yense atumidwa kukafunsa munthu wamkulu m'mene malamulo a tsankho, ochedwa apartheid, anakhudzira moyo wace, nalemba zimene wamva. Kulinso mpikisano wa dziko lonse wa ana ofufuza mbiri ya pakamwa, wochulidwa dzina la mfumu Albert Luthuli.

Kwa ife nkhani yokafunsa siiri patali. Bungwe la eni migodi lolemba anthu nchito, la Witwatersrand Native Labour Association, ndilo anthu adalifupikitsa nati Wenela, ndipo dzinali likalipo pa malo okwerera basi mu Blantyre. M'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a ku maiko otentha a kumpoto, popeza anali kufa ambiri ndi cibayo. Ciletsoco cinacotsedwa m'zaka za m'ma 1930. M'zaka za m'ma 1950 ndege zinayamba kutenga amuna ku Nyasaland ndi ku Bulozi kukawatula ku Francistown, kumene anali kukwera sitima ya pamtunda. Zambia italandira ufulu inatseka njira imeneyi posacedwa, koma pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Mnyamata amene anapita caka cimeneco ali ndi zaka 20, lero wapitirira zaka 70. Amene adakalipo alikucepa caka ndi caka, cotero mphunzitsi asazengereze.

Ana apite awiri awiri, wina kufunsa, wina kulemba; ngati ali ndi foni yojambula mau, ayambe apempha cilolezo kwa mwini mau. Mafunso akonzeretu m'kalasi, ndipo apa ndipo mphunzitsi ayenera kucita khama. Mwana akafunsa kuti, "Agogo, kodi ku Joni kunali kobvuta?" mkulu ayankha kuti inde, nkhani nkuthera pomwepo. Koma afunse kuti, "Munacoka mwezi uti? Anakuperekezani ndani? Usiku woyamba m'komponi munagona motani? Ndalama zoyamba munagulira ciani?" Pamenepo mkulu akhazikika bwino pampando, ndipo dzuwa likhoza kulowa asanamalize. Alembenso mau a Fanakalo, cinenero ca mumgodi, amene mkuluyo akali kukumbuka. Ndipo asaiwale amai. Mai amene analima yekha zaka ziwiri, kapena amene mwamuna wace anacona osalemba ngakhale kalata, adziwa za Wenela zimene wolowa mumgodi sadziwa.

Pobwera m'kalasi ndi zimene amva, kawiri kawiri nkhani zisemphana. Mkulu wina ayamika Joni, pakuti anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za malata. Wina atukwana, pakuti anabwerako ndi cifuwa cosatha. Ana adzafuna kudziwa wabodza ndani. Mphunzitsi wanzeru sayankha iye, koma awabweza ndi mafunso ena. Anapita caka citi? Anali kugwira pansi pa nthaka kapena anali kalaliki wa mu ofesi? Pajatu malipiro a m'migodi ya golide, amene anakhala otsika kwa zaka zambiri, anakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1970, motero wopita mu 1960 ndi wopita mu 1980 sangasimbe zofanana. Mwana akazindikira yekha kuti onse awiri akhoza kunena zoona, koma ali yense za pamalo pace ndi nyengo yace, wayamba kuweruza umboni monga acitira akulu pabwalo. Ine ndiyesa kuti phindu la nchito yonseyi liri pamenepa, kuposa pa kukongola kwa zimene alemba.

Pa zinthu zimene akulu anasunga, monga citupa, nambala ya kumgodi, zithunzi ndi makalata, pali cenjezo. Ana azione, azijambule kapena kuzikopera m'kope, koma asazicotse m'nyumba. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linabvomereza cigwirizano ca ndalama zokwana 5 biliyoni za randi zolipira anchito a m'migodi ya golide amene anadwala matenda a pfumbi la mwala ndi cifuwa cacikuru, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa nchito yolipira. Pepala lakale limene mwana alitaya pa njira ya ku sukulu likhoza kukhala umboni wokhawo wakuti agogo ace anagwiradi nchito pa mgodi wakuti.

Ana a mu Johannesburg ali ndi mwai wina, pakuti ku Newtown kuli komponi yomangidwa mu 1913 ya anchito a khonsolo ya mzinda, imene inasanduka nyumba yoonetsera zakale yochedwa Workers' Museum. M'menemo muli makama a simenti ondandana pamene amuna anali kugona mothithikana, ndi kacipinda kotsekeramo olakwa. Ena mwa ana olowamo ndi ana a Amalawi ndi Azimbabwe amene anzao awayesa alendo obwera dzulo. M'nyumba yotere aona kuti mzindawo unamangidwa ndi manja a anthu ocokera kutali. Ife a kuno tikhoza kujambula mapu akuru pabwalo la sukulu, ndi kulondola ndi cingwe ulendo wa mkulu ali yense kucokera kumudzi kwace kufikira kumgodi.

Nchito imene ana aikonda koposa ndiyo mlandu. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown, nafa anthu 78, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwao, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'Malawi. Kalasi ikhale bwalo: ena akhale amai amasiye, ena anyamata ofuna ndalama za msonkho ndi za ukwati, ena eni migodi, ena eni minda ya fodya ndi tiyi amene anali kusowa anchito, ena a boma. Ali yense alankhule ndi umboni umene anatola kwa akulu kapena m'mabuku, osati zongopeka, ndipo asanu akhale oweruza ngati ciletsoco cinali coyenera. Zamasewero zomenyana kapena kuyerekeza maliro mphunzitsi azikane, pakuti ana a msinkhu uwu sacedwa kusandutsa cisoni kukhala phwete. Oweruza atagamula, osati asanagamule ai, mphunzitsi awauze zimene zinatsatira: kuti mu 1975 migodi inatembenukira ku Rhodesia kukafuna anthu, kuti mu 1977 Amalawi analoledwanso kupita bungwelo litachedwa Teba, ndi kuti mu 1988 njirayo inatsekeka pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi cifukwa ca kacirombo ka Edzi.