Fremantle, Freo, Walyalup: dzina la doko ndi lilime lathu

Aliyense amene wafika kuno ku Perth n'kuyamba kulimbana ndi Chingerezi amakumana ndi dzina limene sangalizembe: Fremantle. Ndi doko la mzinda uno, pomwe mtsinje wa Swan umathira m'nyanja. Ambiri a ife timati "Fulimanto", mwini dziko n'kufunsanso kawiri, ife n'kugwidwa manyazi ngati taba. Koma vutoli si umbuli ayi, ndi mmene lilime lathu linakulira.

M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u. Tikakumana ndi zilembo zopanikizana ngati "fr", pakamwa pamaikapo "u" pokha, monga tinachitira ndi sukulu ndi buledi. Kachiwiri, kwa ife "l" ndi "r" ndi liwu limodzi. Kachitatu, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye timatsamira pa "man". Anthu ambiri kuno amatsamira koyambirira, pa "Fre", n'kulikoka ngati "frii", ndipo "e" wakumapeto samveka n'komwe. Mukangosamutsa mphamvu n'kuiika koyambako, dalaivala wa basi akumvani ngakhale "r" wanu akhale wa ku Dedza.

Ilipo njira yachidule imene eni ake amagwiritsa ntchito: amangoti Freo. Anthu a ku Australia amakonda kudula mayina, chilumba cha Rottnest amati Rotto. Ndiye musadabwe, nawonso dzinali amaliona kutalika.

Nanga linachokera kuti? Ndi dzina la munthu, Charles Fremantle, mkulu wa sitima yankhondo ya HMS Challenger. Pa 2 Meyi 1829 iyeyu anaima pamalowa n'kulengeza kuti gombe lakumadzulo kwa dziko lino ndi la mfumu ya ku Britain. Komatu anapeza anthu, a Whadjuk a mtundu wa Noongar, omwe malowa amawatcha Walyalup. Dzinalo silinafe. Mu 2021 bwalo la pakati pa tauni, lomwe linkatchedwa Kings Square, linapatsidwa dzina loti Walyalup Koort.

Ife a m'migodi dokoli likutikhudza. Poyamba pakamwa pa mtsinje panali mwala wotchinga, moti sitima zikuluzikulu zonyamula makalata zinkaima ku Albany, kutali kummwera. Golide atapezeka ku Coolgardie mu 1892 ndi ku Kalgoorlie mu 1893, anthu anakhamukira kuno. Injiniya C. Y. O'Connor anatsogolera ntchito yophwanya mwalawo, ndipo doko latsopano linatsegulidwa mu 1897. Okumba golide ochokera ku Italy ndi mayiko ena anatsikira pamenepo, aliyense akutchula dzinali ndi lilime lakwawo.

Kupinda dzina lachilendo sitinayambe ndife. Agogo athu opita ku Wenela anatenga Johannesburg n'kuisandutsa Joni. Blantyre, dzina lomwe amishoni a ku Scotland anapereka mu 1876 pokumbukira kwawo kwa David Livingstone, ife timati Bulantaya mpaka lero. Angerezi nawo amachita zomwezo. Livingstone yemweyo atafika pa doko la Quelimane mu 1856, ankalemba kuti Kilimane. Doko la Livorno ku Italy, Angerezi analitcha Leghorn kwa zaka mazanamazana, ndipo palibe anawaseka. Kusiyana kwake n'kwakuti dzina lopindidwa ndi wamphamvu limalowa pa mapu, pomwe la wantchito limathera m'kamwa.

Ndipo mayina a pa mapu amasintha. Port Herald inakhala Nsanje, Fort Johnston inakhala Mangochi. Doko la Lourenço Marques linasanduka Maputo mu 1976, Port Elizabeth n'kukhala Gqeberha mu 2021. Pamenepo amene ankatiwongola lilime ndi amene anayamba kuvutika kutchula.

Tsono tisiyanitse zinthu ziwiri. Pocheza tokhatokha, "Fulimanto" ilibe mlandu. Koma pa pepala, kaya ndi fomu ya ntchito, adiresi, kapena zikalata zotumizira katundu kumudzi pa sitima yapamadzi, lembani Fremantle ndendende, ndi "e" mmodzi pambuyo pa "r", osati awiri monga khutu limanamizira. Kompyuta siidziwa kuti mumatanthauza chiyani. Chenjeraninso ndi mayina oyandikana nawo: Cockburn amati "Kobani", "ck" samutchula, ndipo Albany kuno amayamba ndi "al", osati "ol".

Mukabwera ku tchuthi kuchokera ku mgodi, kwerani sitima ya Fremantle mpaka pomwe njanji yake imathera. Pafupi pomwepo, ku Victoria Quay, kunja kwa WA Maritime Museum, pali makoma otchedwa Welcome Walls olembedwa mayina a anthu obwera omwe anatsikira pa dokoli. Yesani kuwawerenga mokweza, muone kuti ndi angati amene mwini dziko angawatchule osaphonya.