Nyimbo ya ku Liverpool m'nkhani ya ku Tokyo

Buku la Haruki Murakami lotchedwa Norwegian Wood, lomwe lidasindikizidwa koyamba m'Chijapani m'chaka cha 1987, limayambira m'ndege imene yangotera mumzinda wa Hamburg ku Germany. Toru Watanabe, bambo wa zaka 37, amamva nyimbo ya gulu la The Beatles ikulira chapansipansi, ndipo nthawi yomweyo mtima wake umabwerera ku Tokyo wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene iye anali pa yunivesite.

Wowerenga angadabwe kuti nyimbo ya anyamata anayi a ku Liverpool ikufunanji m'nkhani ya achinyamata a ku Japan. Nyimboyi, yomwe dzina lake ndi lomwelo la bukuli, idatuluka mu 1965 m'chimbale cha Rubber Soul. Chaka chotsatira gululi lidakaimba ku Tokyo m'holo ya Nippon Budokan, ngakhale ena adakwiya poti malowo adamangidwira masewera a makolo awo monga judo. Achinyamata sadamve zimenezo, ndipo magitala a ku Britain adakhazikika m'zipinda zawo zogona.

Nthawi imeneyo m'mayunivesite munali chipwirikiti. Mu Januwale 1969 apolisi adachotsa mwamphamvu ophunzira amene adadzitsekera m'holo ya Yasuda pa yunivesite ya Tokyo. Murakami sabisa za zionetserozi, koma Watanabe amaziona ngati phokoso chabe, makamaka ataona kuti atsogoleri a sitalaka ndiwo adayamba kubwerera m'kalasi zinthu zitavuta. Zimene zimamudya mumtima, monga imfa ya mnzake Kizuki ndi chikondi chake pa Naoko, sizipeza malo m'mawu a ndale. Zimamveka m'nyimbo.

Apa ndi pamene mlembiyu adachenjera. Naoko akudwala maganizo ndipo akukhala kumalo othandizirako odwala otere kumapiri a kufupi ndi Kyoto. Kumeneko mayi wina dzina lake Reiko amamuimbira nyimbo za The Beatles ndi gitala mmodzi, popanda ng'oma kapena khamu lokuwa. Naoko amaikonda kwambiri Norwegian Wood ngakhale imamupatsa chisoni, moti amaponya kandalama nthawi iliyonse akaipempha.

Palinso kanthu kena kokhudza dzinali. Paul McCartney adafotokozapo kuti mawuwo amanena za matabwa a paini otsika mtengo amene anthu ankakongoletsera zipinda masiku amenewo. Koma ku Japan dzinali lidamasuliridwa kuti nkhalango ya ku Norway, ndipo Murakami adalitenga momwemo. Kumasulira kopotokaku kudaliyenera bukuli, chifukwa Naoko akamva nyimboyi amadziona ngati wasochera yekha m'nkhalango yozizira ndi yamdima, ndipo m'nkhalango ndimo moyo wake umathera.