Kachotupa ka pa nkhama mwa achinyamata: koopsa kapena ayi?

Ife amene timaphunzitsa ku madrasa ndi ku sekondale kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi timaona pakamwa pa ana tsiku ndi tsiku akamawerenga mokweza. Nthawi zina mtsikana amene anali womasuka amayamba kuphimba pakamwa poyankhula. Mayi wamkulu akamufunsa pambali, amapeza kuti pa nkhama, pakati pa mano awiri akutsogolo, pamera kanyama kolimba kukula ngati nsawawa. Makolo a kunyanja amene ana anu akuphunzira kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Madokotala amatcha zotupa za pa nkhama kuti epulis. Mtundu umene umakonda achinyamata, makamaka atsikana, ndi peripheral ossifying fibroma, ndipo siwofala. Kachotupaka kamachokera ku minofu imene imagwira dzino, ndipo kawirikawiri kamayamba chifukwa cha litsiro louma lokakamira m'munsi mwa dzino kapena dzino lothyoka limene likukanda nkhama. Kamakula pang'onopang'ono kwa miyezi, nthawi zambiri osapitirira masentimita 2, ndipo mkati mwake mumapangika tinthu tolimba ngati fupa. Sikapweteka kwenikweni, kamangotuluka magazi mwana akamatsuka mano kapena kukukuta chimanga chootcha. Si khansa, sikafalikira m'thupi, ndipo sikapatsirana pomwera kapu imodzi.

Komatu diso la kholo silingagamule lokha. Kumadera a malungo ambiri, ngati kunyanja, kuli khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958. Iyo siichedwa: nsagwada imatupa m'masabata ochepa, nkhope n'kupendekeka, mano n'kuyamba kugwedera. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa khansayi imachizika ikapezeka msanga.

Kachotupa ka pa nkhama kamachotsedwa ndi achipatala cha mano. Yambirani pa chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi. Kukafunika, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, n'kukadula mpaka pa tsinde, kenako n'kupala litsiro la mano oyandikana nako. Funsani ngati kanyamako katumizidwa ku labotale, pakuti kumeneko ndiye kumatsimikizika mtundu wake.

Chimene chimatidandaulitsa ndi chizolowezi chokamanga ndi ulusi kapena kukacheka ndi lezala kunyumba. Magazi amatuluka ambiri, bala limatukusira, ndipo tsinde likatsala kamaphukanso. Ngakhale kuchipatala kamatha kubwerera, choncho tsiku limene akuuzani kuti mukaonetsenso musalidumphe, ngakhale ikhale nthawi ya mayeso.

Mswaki wathu umathandiza kuti litsiro lisaunjikane, koma likauma n'kulimba ngati mwala sungalichotse. Pamenepo pamafunika zipangizo za dokotala wa mano.