Songo igula, Songo igulitsa: masapota a ku Fíngoè afunsa za mawa la osewera

FÍNGOÈ — Dzuwa likapendeka tsiku Lamulungu, msika utayamba kuzilala, pa Fíngoè sipalephera kupezeka kagulu ka abambo ndi anyamata katazungulira wailesi imodzi. Ena amatsamira njinga zawo, ena amakhala pa matumba a chimanga, ndipo mwini wailesi amakhala pakati ngati mfumu pa bwalo la milandu. Chomwe amamvera ndi Moçambola, ligi yaikulu ya mpira wa miyendo m'dziko muno, ndipo timu yomwe ambiri amaiikira mtima ndi União Desportiva do Songo, ya kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi.

Mpira ukatha anthuwa sabalalika msanga ayi. Apa mpamene mkangano umayambira. Wina amati timu inalakwa kugulitsa uje, wina amati inataya ndalama pogula uje, wina amati vuto lili kumbuyo, winanso amati lili kutsogolo. Koma womvetsera bwino amaona kuti mkanganowu, ngakhale umayambira pa zigoli, kawirikawiri umakathera pa funso limodzi: kodi wosewerayo, miyendo ikadzatopa, adzatsala ndi chiyani?

Timu yomwe inabweretsa chikho ku Tete

Timu ya Songo inayamba ngati timu ya kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina loti HCB Songo. Mu 2016 inapata chikho cha Taça de Moçambique, ndipo mu 2017, motsogozedwa ndi mphunzitsi a Chiquinho Conde, inatenga ukatswiri wa Moçambola. Aka kanali koyamba kuti timu ya m'chigawo cha Tete ichite zotere. Chiyambire ligiyi mu 1976, ukatswiri unkangozungulira m'matimu a ku Maputo, kupatula zaka zowerengeka pomwe unapita ku Chimoio, ku Beira ndi ku Nampula. Songo inabwerezanso mu 2018, inatenganso Taça mu 2019, ndipo mu 2022 inakhalanso katswiri wa ligi. A Conde anasankhidwa mu 2021 kukhala mphunzitsi wa Mambas, timu ya dziko lino.

N'chifukwa chake anthu a m'boma la Marávia amaiona Songo ngati yawo, ngakhale kuti ili m'boma la Cahora Bassa ndipo pakati pali madzi. Akuluakulu ena sanasiye kukonda Chingale ya mumzinda wa Tete, yomwe yakhala ikukwera ndi kutsika m'ligi, koma nawonso Songo ikamasewera ndi timu ya ku Maputo amachemerera pamodzi ndi anzawo.

Nkhani ya Miquissone

Pa nkhani ya kugula ndi kugulitsa osewera, dzina lomwe silisowa pakamwa pa masapota ndi la Luís Miquissone, mwana wa m'chigawo chino cha Tete. Mnyamatayu atatchuka ku Songo, timu ya Mamelodi Sundowns ya ku South Africa inamugula mu 2018. Koma kumeneko sanapeze malo. Anamubwereketsa ku matimu ena, mpaka anabwereranso ku Songo ngati wobwereka.

Mu Ogasiti 2019 Songo inakumana ndi Simba ya ku Tanzania mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Masewero oyamba anathera 0-0. Achibwereza ku Dar es Salaam anathera 1-1, ndipo chigoli cha Songo anamwetsa ndi Miquissone. Popeza chigoli cha koyenda chinkawerengedwa mwapadera nthawi imeneyo, Simba inatuluka mu mpikisano pamaso pa anthu ake omwe. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2020, Simba yomweyo inamutenga Miquissone. Mu 2021 anapita ku Al Ahly ya ku Egypt, imodzi mwa matimu akuluakulu zedi mu Africa muno, ndipo Al Ahly nayo inadzamubwereketsa ku Abha ya ku Saudi Arabia. Mu 2023 anabwerera ku Simba.

Pa nkhani imeneyi masapota a ku Fíngoè ndi ogawikana. Gulu lina limati timu yofuna kukula siyenera kulola wosewera wabwino kuchoka nthawi iliyonse yomwe alendo abwera ndi ndalama, chifukwa kutero kuli ngati kugulitsa ng'ombe yolimira mvula itayamba kale. Gulu lina limati mwana akapeza msipu wobiriwira palibe chifukwa chomutsekera m'khola, pakuti moyo wa mpira ndi waufupi ndipo malipiro a ku Tanzania kapena ku Egypt sangafanane ndi a kuno.

Palinso ena, makamaka achikulire, omwe amakumbutsa anzawo za ulendo woyamba uja wa ku South Africa. Iwo amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: dzina la timu linali lalikulu, koma mnyamatayo anatha nthawi akusamutsidwa uku ndi uku. Maganizo awo ndi akuti wosewera asanasaine ayambe wafunsa ngati kumeneko adzasewera, osangofunsa za ndalama zokha.

Alendo a ku Malawi

Mbali ina ya mkanganowu ndi ya osewera ochokera kunja. Songo yakhala ikutenga osewera m'maiko oyandikana nawo, ndipo a ku Malawi ndiwo amadziwika kwambiri kuno. Goloboyi Charles Swini, Frank Banda ndi John Banda onse anavalapo yunifolomu ya Songo. John Banda anapita ku mpikisano wa maiko a mu Africa ku Cameroon mu Januwale 2022 ali wosewera wa Songo, pomwe Malawi inafika mu ndime ya matimu 16 n'kugonja kwa Morocco 2-1.

Kwa anthu a kumalire, amene abale awo ena ali ku Petauke, ku Katete kapena ku Dedza, wosewera wa ku Malawi si mlendo kwenikweni. Akamva dzina la Banda pa wailesi amati ndi wakwathu, ndipo ena amaseka kuti bola ameneyo akalakwitsa angathe kumudzudzula m'chinenero chomwe angamve. Koma ena amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akadzamaliza kontalakiti adzapita kwawo, ndipo timu idzayambanso kufunafuna wina. Funso lawo ndi lakuti, ngati timu ikutha kuona mnyamata wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ikulephera bwanji kuona wa ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera, komwe mpira umaseweredwa Loweruka ndi Lamulungu lililonse nyengo ya chilimwe?

Pomwe padontha

Akafika pa zofooka za timu, masapotawa amaloza masewero a kunja kwa dziko. Mu Malichi 2018 Songo inagonja 4-0 kwa TP Mazembe ku Lubumbashi. Pa masewero achibwereza inapambana 3-0, n'kutsala chigoli chimodzi chokha kuti ifanane mphamvu ndi timu yotchuka ija. Chaka chomwecho inalowa m'magulu a chikho chachiwiri cha bungwe la CAF, pamodzi ndi RS Berkane ya ku Morocco, Al Masry ya ku Egypt ndi Al Hilal ya ku Sudan, koma sinapitirire. Mu 2019, itangotulutsa Simba, inagwa m'manja mwa FC Platinum ya ku Zimbabwe, yomwe inaichinya zigoli 5 pa masewero awiri.

Kuchokera pamenepa ena amati matenda a Songo ali kumbuyo: timu imakonda kugula omwetsa zigoli chifukwa ndiwo amasangalatsa anthu, n'kuiwala otchinga. Amati nyumba siyambira denga. Ena amatsutsa, amati vuto si munthu mmodzimmodzi koma kusinthasintha kwa osewera ndi aphunzitsi, chifukwa otchinga kumbuyo amafunika kusewera limodzi nthawi yaitali kuti azidziwana mayendedwe. Wina akachoka chaka chino, winanso chaka chamawa, mpanda umakhala wamipata.

Palinso mfundo yomwe pafupifupi onse amagwirizana. Masewero a CAF a zaka zimenezo, omwe ankatchedwa a pakhomo, ankachitikira kutali, monga ku Beira, ulendo wa makilomita mazana ambiri kuchoka ku Songo. Timu inkasewera pakhomo pa eni ake, kutali ndi anthu omwe amaichemerera sabata ndi sabata.

Thupi la wosewera

Nkhani ya maulendo ndiyo imatembenuzira mkangano ku umoyo wa osewera. Dziko lino ndi lalitali. Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo matimu ena ali ku Nampula, ku Nacala ndi ku Lichinga. Choncho matimu a Moçambola amadalira ndege, ndipo pakhala nthawi zina pomwe ligi yasokonekera kamba ka ndalama zolipirira maulendowa. Wosewera wa Songo amayamba wayenda makilomita pafupifupi 150 pa galimoto kuti akafike pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete. Anthu a ku Fíngoè, amene amaudziwa bwino msewu wodzera pa Bene, safuna wina wowafotokozera m'mene ulendo umathyolera msana.

Masapota amavomereza kuti osewera a Songo ali pabwino poyerekeza ndi anzawo ambiri, popeza kumbuyo kwa timuyi kuli kampani yaikulu. M'matimu ena a m'dziko muno madandaulo a osewera okhala miyezi osalandira malipiro si achilendo. Mu 2020 ligi sinaseweredwe n'komwe chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo chaka chimenecho chinaonetsa poyera kuti munthu wodalira mpira wokha angathe kugona ndi njala ngakhale ali ndi dzina.

Chomwe ambiri pa bwalo la wailesi sadziwa n'chakuti malamulo oteteza wosewera alipo. Kuyambira mu 2018, malamulo a bungwe la FIFA amati timu ikakhala miyezi iwiri osamulipira wosewera, iye angathe kuilembera kalata yoipatsa masiku 15, ndipo ikalepherabe ali ndi ufulu wothetsa kontalakiti. Koma lamuloli limathandiza yekhayo amene ali ndi pepala losainidwa. Wogwirizana ndi timu pakamwa pokha alibe pogwira, ndipo bondo likathyoka amabwerera kumudzi kukasamalidwa ndi amayi ake omwe sanadyeko kalikonse pa mpirawo.

Mwana wa kumudzi

Apa mpamene abambo omwe ali ndi ana osewera mpira amasiya nthabwala. Mnyamata wa ku Marávia amaphunzira mpira pa bwalo la miyala, nthawi zambiri wopanda nsapato, ndipo akavulala mankhwala oyamba amakhala madzi otentha ndi nsanza. Akakhala ndi luso, sipalephera kubwera munthu wolonjeza kuti amutengera ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe kukayesedwa. Makolo ena amagulitsa mbuzi kapena fodya kuti apeze ndalama ya ulendo, osafunsa n'komwe dzina la timu kapena komwe mwanayo azikagona.

Pali zinthu zingapo zomwe makolo a kumalire ayenera kudziwa. Choyamba, malamulo a FIFA salola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa. Chimodzi mwa izo chimakhudza anthu a kumalire: ngati kwawo kwa mwanayo kuli pa mtunda wosaposa makilomita 50 kuchokera pa malire, timuyonso ili pa mtunda wosaposa makilomita 50 kutsidya, angathe kulembetsedwa kumeneko, koma azikhalabe kwa makolo ake ndipo mabungwe a mpira a maiko onse awiri avomereze. Wobwera ndi nkhani yoti amutengera mwana wa zaka 15 ku Lusaka kapena ku Johannesburg mwachinsinsi, ameneyo akuphwanya lamulo.

Chachiwiri ndi mapepala. Mwana wopanda cédula kapena B.I. sangalembetsedwe m'timu ya m'ligi, angakhale ndi luso lotani, ndipo kusintha zaka pa mapepala kwagwetsa osewera ambiri mu Africa muno pamene zinthu zinali zitayamba kuwayendera.

Chachitatu chimakhudza matimu a m'midzi. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 alionse a ndalamazo amagawidwa kwa matimu omwe anamuphunzitsa mpira kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Koma ndalamazi zimatsata kaundula. Timu yomwe sinalembetse ku bungwe la mpira la m'chigawo, ndipo sinalembetse ana ake, siilandira kanthu ngakhale mwanayo atadzagulidwa ndi Al Ahly. Anamulera ndi anthu a m'mudzi, koma okolola amakhala ena.

Masapota ena a ku Fíngoè amati apa mpamene mkangano wawo uyenera kuyambira. Kudandaula kuti Songo siyang'ana kutsidya lino kuli ndi malo ake, koma timu yaikulu siingagule wosewera amene dzina lake silipezeka m'buku lililonse. Amati aphunzitsi a m'sukulu, mafumu ndi atsogoleri a matimu atagwirizana kulembetsa matimu awo ndi kuthandiza ana kupeza mapepala, tsiku lina wailesi ija idzatchula dzina la mwana wa ku Marávia, ndipo mudzi wake udzaonako phindu.

Mdima ukagwa, mwini wailesi amaizimitsa kuti asunge mabatire a sabata yamawa. Anyamata amakankha njinga zawo kulowera kumidzi akukanganabe za otchinga kumbuyo. Abambo amatsalira pang'ono, ndipo nkhani yawo imakhala ya ulendo wopita ku ofesi ya kaundula, ndi ya mwana uti amene sanalembetsedwebe.