Wodwala maganizo asamangidwe pamtengo: zimene mabanja a ku Tsangano ndi Macanga angachite

M'midzi yambiri ya ku Tsangano ndi Macanga nkhani yake imayamba mofanana. Mnyamata amene ankalimbikira kumunda wasiya kugona, akulankhula yekha usiku wonse, akunena kuti pali anthu akumulondola. Abale amayamba apita naye kwa sing'anga, kenako kumapemphero. Mbuzi imagulitsidwa, thumba la mbatatesi ya mbewu nalo limapita. Zikakanika, amamumanga ndi chingwe kuseri kwa nyumba poopa kuti angathawire kutchire kapena kuvulaza munthu. Kuchipatala amafika naye patapita miyezi kapena zaka, m'thumba mulibenso kanthu.

Abale ambiri amachita zimenezi chifukwa cha mantha ndi kusowa pogwira. Chimene sadziwa n'chakuti matenda a maganizo ali ndi chithandizo m'zipatala za boma, ndipo sachita kukachifuna ku Maputo. Koma mankhwala paokha sakwanira. Wodwala amapita kuchipatala tsiku limodzi pamwezi, masiku ena onse amakhala pakhomo, ndiye kuchira kwake kumadalira kwambiri banja ndi mudzi.

Matendawa ndi otani

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, limene ku Malawi amalitchula WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali ndi vuto la maganizo. Ambiri mwa iwo sayenda maliseche pamsika. Ndi anthu amene amalima, kupemphera ndi kulera ana, koma akuvutika mwakachetechete.

Matenda amene anthu amawadziwa kwambiri ndi kusokonezeka mutu, kumene kumudzi amati misala. Wodwala amamva mawu amene ena sakuwamva, amakhulupirira zinthu zoti palibe, amasiya kusamba, mwina kusowa tulo masiku angapo.

Ena ndi kuvutika maganizo, kumene kuchipatala amati depressão. Munthu amakhala wachisoni kwa milungu iwiri kapena kuposa, chakudya sachifuna, khasu limamulemera, amadziona ngati wopanda ntchito. Ambiri amadandaula mutu, msana kapena kuthamanga kwa mtima, ndipo amangomwa mankhwala a ululu osachira. Vutoli limagwiranso amayi amene angochira kumene, ndipo achibale amangoti ndi ulesi.

Palinso nkhawa yosatha. Akuluakulu ena amene anaona nkhondo imene inatha ndi pangano la pa 4 Okutobala 1992, kuphatikizapo amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, amalotabe zoopsa ndi kudzidzimuka mpaka lero. Kumwa kachasu ndi kusuta chamba mopitirira nakonso ndi vuto lofuna chithandizo, ndipo kumakulitsa matenda ena onsewa.

Zoyambitsa zake n'zambiri: kumtundu, kuvulala m'mutu, matenda ofika kuubongo, maliro otsatizana, nkhanza za m'banja, ngongole ndi umphawi. Matenda a maganizo sapatsirana. Kudya mbale imodzi ndi wodwala kapena kugona naye nyumba imodzi sikudwalitsa munthu.

Pali chenjezo limodzi lofunika. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi thupi lili moto, kapena khosi litauma, akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kudikira kutha kutayitsa moyo.

Chithandizo chili kuti

Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'Moçambique, ndipo zipatala zapadera za matendawa zili kutali, ku Infulene ku Maputo ndi ku Nampula. Pofuna kutseka mpata umenewu, Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unayamba kugwiritsa ntchito anthu otchedwa técnico de psiquiatria kuyambira m'chaka cha 1996. Amenewa amaloledwa kuyeza wodwala, kutchula matenda ndi kulemba mankhwala. M'chaka cha 2010 ntchitoyi inkapezeka m'maboma 60 okha, koma pofika 2014 inali itafika m'maboma 135.

Khomo loyamba ndi chipatala chapafupi, kapena APE wa m'mudzi amene angalozere banja koyenera kupita. Kuchoka pamenepo wodwala amatumizidwa kuchipatala cha kulikulu la boma, ku Tsangano kapena ku Furancungo, kumene abale ayenera kufunsa za consulta de psiquiatria e saúde mental. Matenda akakula, a zaumoyo amalemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete.

Wodwala asapite yekha. Apite ndi munthu amene amakhala naye, wodziwa tsiku limene vuto linayamba, mmene akugonera, zimene amamwa kapena kusuta, ndi mankhwala amene wapatsidwa kale, achikuda omwe. Osabisa kuti anapita kwa sing'anga. A zaumoyo afunika kudziwa zimenezo kuti asaphatikize mankhwala osagwirizana.

Mabanja a m'malire ena amathamangira zipatala za ku Ntcheu kapena ku Dedza chifukwa ndiko kufupi. Amene amatero azinyamula khadi la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala paulendo uliwonse. Mankhwala amodzimodzi atha kuoneka mosiyana mbali ziwirizi, ndipo kumwa onse awiri nthawi imodzi n'koopsa.

Ntchito ya banja

Chimene chimabweza odwala ambiri m'mbuyo ndi kusiya mankhwala. Munthu akayamba kupeza bwino, iye kapena abale amati wachira, ulendo wa kuchipatala n'kuuleka. Pakapita milungu kapena miyezi matenda amabwerera, anthu n'kumati mankhwala achizungu alephera. Wosiyitsa mankhwala ndi técnico kapena dokotala yekha.

Banja lisankhe munthu mmodzi wosunga mankhwala ndi kukumbukira tsiku lobwerera kuchipatala. Nyengo ya dzinja misewu ya kumapiri imavuta, choncho ndi nzeru kukambirana ndi técnico mvula isanayambe za mmene mankhwala angapezekere osadukiza. Ndalama ya njinga yamoto ikasowa, mwini mbumba asonkhanitse abale, kapena gulu la xitique lithandizepo. Mutu umodzi susenza denga.

Mankhwala ena, monga amitriptilina ndi fluoxetina a matenda ovutika maganizo, amatenga milungu iwiri kapena inayi kuti ayambe kuoneka ntchito yake. Ena, monga haloperidol ndi clorpromazina, nthawi zina amaumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja kapena kugonetsa kwambiri. Zikatero abwerere naye kuchipatala msanga, chifukwa técnico atha kuchepetsa, kusintha kapena kuwonjezera mankhwala ochotsa vutolo.

Wodwala akakalipa, anthu asamuunjirire. Alankhule naye munthu mmodzi amene amamukhulupirira, ndi mawu otsika, ataima patali pang'ono. Zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni zichotsedwe mwakachetechete. Kutsutsana naye pa zimene akuona kapena kumva kumangowonjezera moto. Kumumenya, kumumana chakudya ndi kumumanga kumasiya mabala m'manja ndi m'miyendo, ndipo amayamba kuopa abale ake omwe. Odwala ambiri savulaza munthu. Kawirikawiri ndi iwo amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa.

Akayamba kupeza bwino abwerere ku ntchito pang'onopang'ono: kuthirira kudimba, kusankha nyemba, kusoka fodya m'chigafa pamodzi ndi ena. Adye ndi banja, apite kumaliro ndi kutchalitchi, munda wake usalandidwe. Pokambirana za iye, nayenso afunsidwe. Akale anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu ake si otaya.

Khunyu

Khunyu si misala. Ndi matenda a ubongo, koma m'Moçambique amachizidwa ndi técnico yemweyo, ndipo odwala khunyu ndi ena mwa amene amachuluka pakhomo pake. OMS imati anthu okwana mpaka 70 mwa 100 alionse odwala khunyu atha kusiyiratu kugwa akamamwa mankhwala oyenera, monga fenobarbital kapena carbamazepina, tsiku lililonse.

Zina zoyambitsa khunyu n'zopeweka: kuvutika pobadwa, malungo aakulu, ngozi ya njinga yamoto popanda chipewa. Kafukufuku wochitika m'boma la Angónia, loyandikana ndi Tsangano ndi Macanga, anapezanso kuti nyongolotsi ya nkhumba ndi yofala kumeneko. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino yokhala ndi tinthu toyera tonga mpunga, nyongolotsi imakula m'mimba mwake. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, tizilombo titha kukakhazikika muubongo n'kuyambitsa khunyu. Kukhala ndi chimbudzi pakhomo, kusamba m'manja, kutsekera nkhumba m'khola ndi kuphika nyama mpaka kupsa kumadula njira imeneyi.

Munthu akagwa, achotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, pansi pa mutu paikidwe chinthu chofewa, ndipo kugwedezeka kukatha agonekedwe cham'mbali. M'kamwa musalowe supuni, chala kapena madzi. Malovu ake kapena mpweya umene watulutsa sizipatsira munthu khunyu, choncho palibe chifukwa chothawira. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mabanja a kumapiri amaothera moto m'nyumba, ambiri amapsa chifukwa anthu anaopa kuwagwira. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, athamange naye kuchipatala. Mwana wodwala khunyu apitirize sukulu, aphunzitsi angodziwitsidwa chochita.

Pamene munthu akulankhula zodzipha

OMS imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 5 alionse amachita kumwa mankhwala ophera tizilombo m'munda. Kudera la fodya ngati Macanga ndi la mbatatesi ngati Tsangano, mankhwala amenewa ali pafupifupi m'nyumba iliyonse.

Maganizo odzipha kawirikawiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi, pambuyo pa mkangano, ngongole ya zipangizo zaulimi kapena mbewu itakanika, kenako amatsika. Botolo likakhala patali pa nthawi imeneyo, moyo umapulumuka. Mankhwala a m'munda atsekeredwe ndi loko kunja kwa nyumba yogona, kiyi asunge munthu wamkulu, ndipo asagulidwe ochuluka kuposa ofunika.

Munthu akamati kuli bwino kungofa, akamagawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, asamuseke. Afunsidwe mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wolankhula. Asasiyidwe yekha, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati wamwa kale mankhwala, asamusanzitse kapena kumupatsa mkaka. Athamange naye, botolo atanyamula. Ana ndi achinyamata amene ali pamavuto atha kuimba kwaulere pa nambala 116 ya Linha Fala Criança.

Ntchito ya mudzi

Mawu a mfumu pamsonkhano amasintha zambiri. Mfumu ikaletsa ana kugenda wodwala, ikaletsa kuloza nkhalamba kuti ndiyo yamulodza, banja limasiya kubisa wodwala kuchipinda. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi itha kupempha técnico kuti adzabwere limodzi ndi brigada móvel kudzaphunzitsa anthu. Masiku a 10 Seputembala, tsiku lopewa kudzipha, ndi 10 Okutobala, tsiku la umoyo wa maganizo padziko lonse, ndi mpata wabwino wochitira zimenezi kusukulu, kutchalitchi ndi pamsika.

Asing'anga ndi atsogoleri a mipingo ndiwo amaona odwala ambiri poyamba. Amene ali m'bungwe la AMETRAMO amagwira kale ntchito ndi zipatala potumiza odwala matenda ena, ndipo njira yomweyo ingathandize pano. Pemphero ndi uphungu zitha kuyendera limodzi ndi mankhwala. Choopsa ndi kuuza wodwala kuti ataye mapilitsi, kumusalitsa kudya masiku ambiri kapena kumusunga pa unyolo.

Anthu wamba atha kuthandiza kwambiri akaphunzitsidwa. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa m'chaka cha 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Agogo aakazi anaphunzitsidwa kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu wovutika maganizo, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulithetsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti patapita miyezi 6, anthu pafupifupi 14 okha mwa 100 amene anakhala pabenchi anali akuvutikabe, pamene mwa amene sanakhalepo anali pafupifupi 50 mwa 100. Midzi ya kuno ili kale ndi anamkungwi, ankhoswe ndi amayi a m'mabungwe a mpingo amene anthu amawauza zakukhosi. Chofunika n'kuti adziwe zizindikiro, asunge chinsinsi, ndiponso adziwe nthawi yotumiza munthu kuchipatala.

Osamalira wodwala nawonso amatopa. Nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi amene wasiya munda wake kuti alondere mwana. Anansi akamulandirako tsiku limodzi pamlungu, kapena kumupalirira mizere ingapo, amapeza mphamvu zopitirizira. Mabanja awiri kapena atatu amene ali ndi odwala atha kugwirizana tsiku limodzi lopitira kuchipatala, kugawana mtengo wa ulendo ndi kukumbutsana za mankhwala.

Banja limene lili ndi wodwala womangidwa kapena wotsekeredwa lero lisadikire kuti fodya kapena mbatatesi zigulidwe. Mmodzi mwa abale apite kwa APE kapena kuchipatala chapafupi mlungu uno, akafotokoze mmene zinthu zilili, ndipo akagwirizane ndi a zaumoyo za tsiku ndi njira yobweretsera wodwalayo.