Kaufiti amayamba kudya asanaoneke

Mu February ndi March, m'minda yambiri ya kumtunda kuno ku Bwanje mumaoneka timaluwa tofiira patsinde pa chimanga chopinimbira. Ameneyo ndi kaufiti, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica. Ndi kachomera ka chaka chimodzi, kosapitirira kwenikweni masentimita 30, ka masamba ang'onoang'ono osongoka, okhakhala mukawagwira. Nthawi zina maluwa ake amakhala achikasu kapena oyera.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pamene maluwawo akuoneka, chimanga chinavulala kale.

Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo simera chifukwa cha mvula yokha ayi. Imadikira m'nthaka mpaka muzu wa chimanga, mapira, mawere kapena mpunga wa kumtunda utadutsa pafupi. Mizu ya mbewu zimenezi imatulutsa timadzi tina, ndipo timadzito ndi timene timadzutsa njereyo. Ikamera, kamuzu kake kamaboola muzu wa chimanga n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Kaufiti amatha masabata angapo ali pansi, akudya mosaoneka. N'chifukwa chake chimanga chimafota ngati kuli ng'amba pomwe nthaka ili yonyowa. Dzina lake la ufiti silinabwere pachabe.

Amakonda nthaka yamchenga, yoguga, imene yakhala ikubzalidwa chimanga chaka ndi chaka popanda manyowa. Amapezekanso pa udzu wina wa m'tchire ndi m'malire a minda. Tsinde limodzi limabereka njere zikwizikwi, ndipo njerezo zimakhala zamoyo m'nthaka zaka zoposa 10. Mukamusiya chaka chino poti chimanga chakhwima kale, mwabzalira ana anu.

Koma ali ndi pofooka pake. Njere ikamera n'kusowa muzu woyamwapo, imafa m'masiku ochepa. Thonje, soya ndi mtedza zimadzutsa njerezo koma sizimudyetsa, choncho kasinthasintha wa mbewu amazichepetsa pang'onopang'ono. Musamusokoneze ndi mnzake wa maluwa achikasu amene amagwira khobwe. Ameneyo ndi mtundu wina.

Zulani kaufiti asanachite maluwa. Amene wachita kale maluwa musamutaye m'ngalande, mutuleni kunja kwa munda ndi kumuwotcha.

Sabata ino gulu lililonse likumbe phando limodzi la chimanga chogwidwa, litsuke mizu m'ndowa mosamala, ndipo liwerenge akaufiti oyera amene anali asanatuluke pamwamba. Tidzafananiza ndi chiwerengero cha amene amaoneka.