Nkhondo ya fumbi ndi chiswe kuseri kwa magalasi

Pa 18 Meyi chaka chilichonse, kuyambira mu 1977, maiko amakumbukira nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso. Kuno ku Blantyre tsikuli limangodutsa ngati lina lililonse. Anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri amangoionera pawindo la minibasi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, yomwe idatsegulidwa mu 1966. Ena adalowamo kamodzi ali ku pulayimale, kukaona sitima yakale ndi chimwala chomwe chidagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981.

Mumzindawu mulinso malo ena angapo oonetsera zojambula ndi zosema. Pamalo amodzi mwa amenewa pamagwira ntchito bambo wina wa imvi, wokhala ku Zingwangwa, yemwe anzake amangomuitana kuti madala. Dzina lawo silipezeka pansi pa chithunzi chilichonse, koma palibe chinthu chimene chimapachikidwa pakhoma chisanadutse m'manja mwawo.

Ntchito yawo imayambira pansi. Asanagwire tsache, amayenda mowerama, maso ali pasimenti, kufunafuna kaufa kosalala pansi pa chosema chilichonse. Kaufa kameneko kakaoneka, ndiye kuti mtengo wayamba kufumbwa m'kati ngakhale kunja ukuoneka wabwinobwino. Akatero amayendera m'mbali mwa zipupa kuona ngati chiswe sichidamange kanjira kake usiku. Kusesa kumabwera pambuyo, chifukwa ukayamba ndi tsache wafufuta umboni.

Kupukuta nako kuli ndi malamulo ake. Nsanza yonyowa safuna n'kuiona komwe. Amatenga kaburashi kofewa, n'kumachotsa fumbi m'makwinya a nkhope yosemedwa pang'onopang'ono, kuyambira pamutu kutsikira kuchibwano. Mnyamata wina yemwe adangoyamba kumene ntchito adafuna kupaka polishi wa nsapato pa chosema cha mlombwa kuti chiwale, monga amachitira ena ogulitsa ziboliboli m'misewu pofuna kuti mtengo wamba uoneke ngati phingo. Madalawo adamulanda chitinicho osakweza mawu, n'kumuonetsa nambala yolembedwa kunsi kwa chosemacho ndi buku lomwe nambalayo imalozako: kudachokera chinthucho, chaka chomwe chidabwera, ndi chilema chilichonse chomwe chidabwera nacho. Ukasintha mtundu wake, walemba bodza m'buku.

Nyengo iliyonse ili ndi mdani wake. Mu Okutobala ndi fumbi ndi dzuwa, lomwe limasuwitsa nsalu ndi mapepala likamalowa pawindo. Mvula ikayamba ndi chinyontho: chuku chimamera pazikopa za ng'oma, mafulemu amapindika. Chosema chofumbwa amachikulunga bwinobwino m'pulasitiki n'kuchiika mufiriji yozizira kwambiri kwa sabata kapena kuposerapo kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Magetsi akathima pakati, masiku amawerengedwa poyambira.

Koma chomwe chimautsa mkangano pamalowa si chiswe. Ndi bokosi limodzi la m'chipinda chosungira katundu, momwe muli zigoba za gule wamkulu.

Madalawo adakulira m'boma la Dedza ndipo adameta. Kwa iwo chigoba si chosema ngati zinazi. Malo ake ndi kudambwe, ndipo wosalowa gule sayenera kuchiona chili chogona chopanda mwini, chifukwa pabwalo chimene chimavina ndi chilombo chochokera kumanda, osati munthu. Bokosilo amalitsegula okha, chitseko atatseka. Chadzunda ndi Maliya amawagwira ndi manja awiri. Maganizo awo ngoti zigobazo zisamalidwe ndithu, koma zisaikidwe poyera kuti mwana aliyense azizilozaloza chala.

Mayi wina wa ku Chilomoni, yemwe amaperekeza alendo pamalopo, amaona mosiyana. Iye amati gule wamkulu adadziwika kale padziko lonse mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo ku Mua, kwawo kwa madala komweko, zigoba mazanamazana zili poonekera ndipo anthu amakaphunzirako tanthauzo la chilichonse. Akuti mwana wobadwira ku Ndirande, wa bambo Mlomwe ndi mayi Myao, akapanda kuona Kasiyamaliro pamalo ngati amenewa, adzangomva zoti gule ndi anthu othamangitsa anzawo ndi zikwanje. Amaonjezanso kuti zigoba zambiri zopezeka m'tauni zidasemedwa kuti zigulitsidwe, sizidavinepo pamaliro ndi kamodzi komwe.

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo mayiyu ali ndi mfundo. Chigoba chosemera malonda n'chosiyana ndi chomwe chidatuluka kudambwe chikununkha utsi ndi thukuta. Vuto ndi loti buku lija silinena nthawi zonse kuti ichi ndi chiti, makamaka pa zinthu zomwe zidadutsa m'manja ambiri zisanafike. Madalawo amati amazindikira poyang'ana m'kati: chovinidwa chimakhala chosalala pomwe pamakhudza chipumi ndi mphuno. Akachipeza chotero amachibwezera pansi pa bokosi.

Palinso gulu lachitatu lomwe silifunsidwa kawirikawiri. Ogwira ntchito ena opemphera safuna n'komwe kulowa m'chipindacho, amati muli mizimu. Choncho bokosi limodzi lomwelo ena amaliopa, ena amalilemekeza, ena akufuna litsegulidwe. Pakadali pano agwirizana zoti poyera pazikhala zosemera malonda zokha, ndipo mayi uja akamafotokozera ana asukulu amanena za khalidwe lomwe chilombo chilichonse chimaphunzitsa, za kudambwe osazikhudza.

Ana asukuluwo ndiwo alendo odalirika. Akabwera, magalasi onse amatsala ndi zidindo za zala ndi mphuno, ndipo madala sadandaula nazo, amati galasi loyera tsiku lonse ndiye kuti sikudabwere munthu. Akuluakulu a m'makomboni ndiwo saoneka, kupatula obwera kudzafunsa ngati pali ganyu. Nawonso madalawo kunyumba kwawo ku Zingwangwa kulibe chosema ngakhale chimodzi, pakhoma pali kalendala ndi chithunzi cha ukwati basi.